Impso Zikagona Si Kuti Zafa

Mu Lusaka muno muli mau amene akatchulidwa pa nyumba, anthu amatsitsa wailesi n'kuyang'anana. Limodzi mwa mau amenewo ndi dialysis. Timakumana nalo pa Facebook, pomwe mwezi ndi mwezi pamatuluka chithunzi cha munthu wowonda, chubu chili m'khosi, pansi pake nambala ya mobile money. Timalimvanso pa maliro, wokamba mbiri ya womwalira akafika poti "anayamba kuyenda ku dialysis," anthu onse n'kugwedeza mitu ngati nkhani yathera pomwepo. N'chifukwa chake ambiri m'tauni muno amakhulupirira kuti wolowa pa makina aja satulukapo.

Chikhulupiriro chimenechi n'choona theka lokha. Pali matenda a impso a mitundu iwiri amene amafikitsa munthu pa makina amodzimodzi. Oyamba amabwera pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, chifukwa cha BP, shuga kapena HIV. Impso zimachita zipsera, zimafota, ndipo zikafika kumapeto sizibwerera. Munthu wotere amafunika makina moyo wake wonse, kapena impso ya munthu wina. Achiwiri amagwa mwadzidzidzi, m'masiku ochepa chabe, pa munthu amene sabata yatha anali kuthamangira minibasi pa Kulima Tower. Malungo aakulu, kolera, chibayo, tizilombo tolowa m'magazi mai akabereka kapena chilonda chikaola, zonsezi zingathe kuimitsa impso zabwinobwino. Madokotala amati acute kidney injury. Apa impso sizinafe. Zakomoka, ndipo nthawi zambiri zimatsitsimuka, malinga mwini wake asungidwe wamoyo mpaka tsikulo lifike. Ntchito ya dialysis pa munthu wotere ndi imeneyo basi.

Ife tikulemba izi ndife a nyumba imodzi ku Kabwata, ana a amai awiri apachibale amene tinaleredwa pamodzi mu flat ya zipinda ziwiri. Chakumapeto kwa mvula chaka chatha, mng'ono wathu, mnyamata wa zaka 26 wokonza mafoni ku Katondo Street, anapita ku Petauke ku maliro a ambuya. Anagona panja masiku anayi monga amuna amagonera pa maliro, pafupi ndi moto, popanda neti. Ife obadwira mu Lusaka malungo timawaona ngati matenda a kumudzi, koma akatigwira amatigwira koopsa, chifukwa matupi athu sanazolowere kulimbana nawo ngati a abale athu amene amalumidwa ndi udzudzu chaka chonse. Patapita masiku khumi chibwerereni, mutu unayamba kumuwawa, thupi kuzizidwa. Iye anati ndi chimfine cha fumbi la mu town. Anagula Panado ndi Brufen pa drug store n'kupitiriza ntchito. Tsiku lachitatu anayamba kusanza. Lachinayi maso anachita chikasu, mkodzo unada ngati Coca-Cola. Lachisanu sanakodze n'komwe.

Ku chipatala anapeza malungo nthawi yomweyo. Anamuika drip, n'kuyamba kumubaya artesunate. M'masiku awiri tizilombo tinayamba kutha m'magazi, thupi linasiya kutentha, ndipo tinaona ngati nkhondo yatha. Koma pa pepala la zotsatira za magazi panali nambala ina imene inali kukwera m'mawa uliwonse. Imatchedwa creatinine, dothi limene minofu ya thupi imatulutsa tsiku ndi tsiku ndipo impso zimalitaya mu mkodzo. Mwa munthu wamkulu wabwinobwino nambalayi imakhala pakati pa 60 ndi 110. Ya mng'ono wathu inadutsa 900.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, ganizirani ntchito imene impso zimagwira inu muli mtulo. Zilipo ziwiri, iliyonse kukula kwake ngati chibakera, kumsana pansi pa nthiti. Mu impso imodzi muli tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Pa tsiku limodzi tisefati timasefa madzi a m'magazi okwana malita 180, pafupifupi dramu lija timasungiramo madzi pompi ikauma. Pafupifupi madzi onsewo amabwezeredwa m'thupi kudzera m'timachubu ting'onoting'ono, ndipo lita imodzi ndi theka yokha ndiyo imatuluka ngati mkodzo, itanyamula dothi, asidi ndi mchere wosafunika. Timachubu timeneti timafuna magazi ambiri kuti tigwire ntchito. Manje malungo aakulu amatimenya mbali zitatu. Maselo ofiira amene muli tizilombo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono n'kutseka njira. Ena amaphulika, ndipo chofiira cha m'kati mwake chimakathera m'timachubu, ndiye mkodzo wakuda uja. Kusanza ndi kutentha thupi kumamaliza madzi, BP n'kutsika. Pamwamba pa zonsezi, Brufen ndi diclofenac amachepetsanso magazi opita ku impso pa nthawi imene zikuwafuna kwambiri. Maselo a m'timachubu amafa n'kusupuka. Koma ali ngati khungu la pa bondo mwana akagwa: pansi pake pamamera ena. Chimene amafuna ndi nthawi, kawirikawiri sabata imodzi mpaka zitatu, nthawi zina kuposerapo.

Vuto ndi lakuti thupi silingadikire masabata atatu popanda impso. Madzi amene munthu wamwa sapeza potulukira, amadzaza miyendo, nkhope, kenako mapapo, munthu n'kumabanika ali pa bedi. Dothi likachuluka m'magazi mutu umasokonezeka. Choopsa koposa ndi mchere wotchedwa potassium, umene ukakwera kwambiri umaimitsa mtima popanda chenjezo. Tsiku limene potassium ya mng'ono wathu inadutsa 6.5, dokotala anatiitanira pa khonde la wodi n'kutchula liu lija.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa, chifukwa banja lililonse la mu Lusaka lili ndi gulu la WhatsApp. Ba aunt a ku Chelstone anakwera basi tsiku lomwelo. Anafika atamanga chitenje mwamphamvu, n'kutigwira manja: "Bana banga, musavomele. Ba neighbour bathu banangena pa mashini yamene iyo. Sipanapite na chaka, tinabapeleka ku Leopards Hill." Amalume a ku Woodlands, munthu wodziwa masamu, anafunsa za ndalama: katatu pa sabata, mpaka liti, ndipo alipira ndani? Wina anatumiza nambala ya mneneri. Wina anati ku Soweto Market kuli munthu wogulitsa mankhwala a m'botolo otsuka impso. Onsewa anali kumukonda mnyamatayo, ndipo aliyense anali kukamba zimene anaonapo ndi maso ake. Neba wa ba aunt anamwaliradi. Koma anali mdala wa shuga wa zaka zambiri, impso zake zitatha kale. Makina anali amodzi, matenda anali osiyana.

Amene anathetsa mkangano ndi amai. Sanaphunzire kwambiri, koma amadziwa kuti safunsa anadya phula. Anamutsatira dokotala mpaka pa tebulo la manesi n'kumufunsa kuti, "Adokotala, mundiuze chabe. Impso za mwana wanga zafa kapena zagona?" Dokotalayo anakhala nawo pansi. Anawaonetsa chithunzi cha scan: impso zinali zazikulu bwino, osati zofota ngati za munthu wodwala zaka zambiri. Anawakumbutsa kuti masabata awiri apitawo mwana wawo anali kusewera mpira, analibe BP, analibe shuga. "Amai, sindingakulonjezeni," anatero, "koma ambiri amene amabwera chonchi amachira. Makina sachiritsa impso. Amangogwira ntchito yake kuti mwana wanu asafe akudikira." Amai anasaina pepala.

Makinawo si oopsa monga amamvekera. Anamuika chubu chofewa mu mtsempha waukulu wa pakhosi, atabaya mankhwala ochititsa dzanzi. Magazi amatuluka pa chubucho n'kulowa mu sefa yooneka ngati botolo lalitali, m'kati mwake muli timapaipi tambirimbiri toonda ngati tsitsi. Magazi amayenda m'kati mwa timapaipito, madzi oyera osakanizidwa ndi mchere woyezedwa bwino amayenda kunja kwake, ndipo dothi ndi potassium zimadutsa pa khungu la timapaipi kuchoka m'magazi kupita m'madzi aja. Magazi amabwerera m'thupi, madzi akuda amatayidwa. Palibe magazi a munthu wina amene amalowa, ndipo magazi ako sasinthidwa, monga ena amakambira m'mabasi. Tsiku loyamba anamuika maola awiri okha kuti thupi lisadzidzimuke, kenako maola anayi. Pa maola anayi amenewo makina amodzi amagwiritsa ntchito malita pafupifupi 120 a madzi oyeretsedwa mwapadera, ndipo magetsi sayenera kuzima. Aliyense amene anakhala mu Lusaka mu 2024, madzi atatsika ku Kariba ndipo magetsi akubwera maola ochepa pa tsiku, angamvetse chifukwa chake makina amenewa ali ochepa ndiponso odula.

Masiku otsatira anali a kuyeza. Munthu amene impso zake zaima saloledwa kumwa madzi mmene afunira. Mng'ono wathu anali kupatsidwa kapu yaing'ono, ndipo anali kuiyang'ana ngati mwana ayang'ana freezit ya mnzake. Nthochi, mapeyala, malalanje, tomato wambiri, mbatata ndi chips, zakudya zimene timathamangira kugulira wodwala pa geti la chipatala, zonse zinaletsedwa chifukwa zili ndi potassium wambiri. Kapenta wamchere nayenso ayi. Ba aunt anabweretsa basiketi ya nthochi, tinadya ndife osamalira wodwala. Pansi pa bedi panali chigubu cha manambala, ndipo dontho lililonse la mkodzo linali kulembedwa. Munthu wamkulu akakodza zosakwana mamililita 400 pa tsiku, madokotala amadziwa kuti impso zili pa vuto. Iye anali pa 50, tsiku lina 80, tsiku lina 60. Tinagawana masiku ogona ku chipatala. Mmodzi wa ife amagwira ntchito m'nyumba ina ku Kabulonga, ndipo anali kuchokera pa benchi la chipatala m'mamawa kupita kukakolopa. Ndalama ya chilimba cha mwezi umenewo inathera pa zoyeza magazi, transport ndi zakudya.

Sabata yachiwiri inali yowawa kuposa yoyamba. Malungo anali atatha, mnyamata anali kukamba bwino, kuseka, kufunsa za makasitomala ake, koma chigubu chinali chouma. Apa m'pamene mabanja ena amatopa n'kupempha kuti wodwala atuluke akayese kwina, ndipo botolo la ku msika limakathera mu impso zovulala kale. Ku gulu la WhatsApp mafunso anayambiranso. Amai anangoyankha kamodzi kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kuzimitsa foni.

Pa tsiku la 16 chigubu chinafika pa 300. Mawa lake 700. Tsiku lotsatira chinadutsa lita imodzi, ndipo mlongo wathu amene anagona kumeneko anajambula chigubucho n'kutumiza ku gulu. Anthu akuluakulu, madikoni ndi aziphunzitsi, anayankha chithunzi cha mkodzo ndi timitima ndi "Amen". Kenako zinthu zinatembenuka: impso zikamadzuka zimayamba ndi kutaya madzi osadziwa kuwabweza, moti anali kukodza malita atatu kapena anayi pa tsiku, ndipo amene dzulo anali kuletsedwa madzi manje anali kukakamizidwa kumwa. Creatinine inayamba kutsika yokha. Atakhala pa makina kasanu ndi kawiri, dokotala anati adikire aone. Sanabwererenso. Chubu cha pakhosi anachichotsa, panatsala kachipsera kang'ono ngati njere ya chimanga.

Sitikufuna kukunamizani kuti onse amatuluka chonchi. M'chipinda cha makina tinadziwana ndi bambo wina wa ku Chilenje amene wakhala akubwera zaka zinayi chifukwa cha BP imene sanadziwe kuti ali nayo. Iyeyo impso zake sizidzadzuka, ndipo akudziwa. Anali kumuseka mng'ono wathu kuti, "Iwe mufana ndiwe mlendo chabe kuno, usazolowere mpando wanga." Tinaonanso mtsikana wina amene anabwera naye atatha sabata yathunthu osakodza, akumwetsedwa mankhwala a zitsamba kunyumba. Anafika atakomoka kale, ndipo makina sanathe kumubweza. Ena impso zimadzuka theka, ena sizidzuka n'komwe. Madokotala amati miyezi itatu ikatha munthu akadali pa makina, ndiye kuti matendawo asanduka okhalitsa. Ngakhale pamenepo moyo sunathe: mu 2018 madokotala a ku UTH anaika impso ya munthu wina mwa wodwala koyamba m'Zambia muno, ntchito imene kale inali ya okhawo otha kukwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa.

Chodabwitsa n'chakuti makina amenewa anapangidwira anthu ngati mng'ono wathu, osati odwala moyo wonse. Dokotala wina wa ku Netherlands, Willem Kolff, anapanga oyamba mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, pogwiritsa ntchito mapepala okutira masoseji ndi dramu lozungulira m'bafa la madzi. Odwala ambiri oyamba sanapulumuke. Mu 1945 anaikapo mai wa zaka 67, Sofia Schafstadt, amene impso zake zinaima pamene anali kudwala matenda a ndulu. Anatsitsimuka, impso zake zinayambanso kugwira ntchito, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina zingapo popanda makina. Dialysis ya moyo wonse inayamba pambuyo pake, mu 1960, ku Seattle. Ndiye kuti munthu woyamba kupulumutsidwa ndi dialysis pa dziko lonse analowa pa makina n'kutulukapo.

Nkhaniyi ndi yathu ife achinyamata a mu Lusaka kuposa mmene timaganizira. M'maiko olemera impso zimaima mwadzidzidzi makamaka mwa okalamba amene ali kale m'chipatala. Kuno zimaima mwa ana, mwa amai oyembekezera, mwa anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20, chifukwa cha matenda amene amachiritsika. Tonse tikukumbuka January 2024, National Heroes Stadium itasanduka chipatala cha kolera, masukulu osatsegulidwa mpaka February, ndipo anthu opitirira 700 anamwalira m'dziko muno. Kolera imapha pomaliza madzi m'thupi, ndipo madzi akatha impso ndizo zimayamba kuvulala. Kapu iliyonse ya ORS imene wodwala amamwa ali m'njira yopita ku chipatala imateteza impso. Bungwe la madokotala a impso la International Society of Nephrology linadziikira cholinga chakuti pofika 2025 pasakhale munthu wofa ndi kuima kwa impso kumene kukanachiritsika. Chaka chimenecho chinafika cholingacho chisanakwaniritsidwe, koma mfundo yake ndi yoona: ambiri mwa anthu amenewa sayenera kufa, ndipo ambiri safunika n'komwe makina ngati afika msanga.

Kufika msanga kuli m'manja mwathu. Ukabwera kuchokera ku Chipata, ku Petauke, ku Mansa kapena kwina kulikonse kwa udzudzu, thupi n'kutentha, pita ukayezetse malungo tsiku lomwelo. Pa kiliniki ya boma, kaya ku Kabwata kaya ku Chelstone, kuyeza n'kwaulere ndipo zotsatira zimatuluka pa mphindi 20. Ukamasanza kapena kutsegula m'mimba, Brufen ndi diclofenac zisiye. Wodwala wanu akagona, musamangofunsa ngati wadya; mufunseni kuti wakodza kangati lero, ndipo mkodzo wake ukuoneka bwanji. Ndi funso lochititsa manyazi pakati pa mlongo ndi mlongo wake, kapena mwana ndi atate ake, koma tsiku lathunthu popanda kukodza ndi chifukwa chokwanira chofunira galimoto usiku. Makina a dialysis a boma ali ku UTH ndi ku Levy Mwanawasa, ndipo njira yofikirako imayambira pa kiliniki kapena pa zipatala ngati za Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Matero. Ngati uli pa ntchito, 1 peresenti ya malipiro ako imapita ku NHIMA mwezi uliwonse. Ona ngati dzina lako ndi a m'banja mwako ali m'kaundula usanadwale, chifukwa pa khonde la wodi si malo oyambira kufunafuna mapepala.

Ndipo kwa amene atuluka pa makina, kutuluka si kumaliza. Impso zimene zinavulala kamodzi zimakhala ndi chipsera ngakhale nambala zabwerera m'malo, ndipo mwini wake ali pa ngozi yaikulu kuposa anzake yodzadwala BP kapena matenda a impso okhalitsa m'tsogolo. Ayenera kubwerera pakatha miyezi itatu kukayezetsa creatinine, BP ndi mkodzo, kenako kamodzi pa chaka. Ayenera kuuza dokotala kapena nesi aliyense, ngakhale wa mano, kuti impso zake zinaimapo, asanamulembere mankhwala. Amene ali pa ma ARV asasiye kumwa, koma auze a ku kiliniki, chifukwa mankhwala ena monga tenofovir amafuna kuti impso ziziyezedwa. Mchere wa pa tebulo achepetse, ndipo mabotolo otsuka thupi a pa msika awadutse. Anyamata ambiri akangomva mphamvu zabwerera amataya khadi la chipatala m'kabati, ndipo palibe amawatsatira. Pa nyumba pakhale munthu mmodzi wosunga khadilo ndi kulemba tsiku la review pa kalendala. Kwathu ntchito imeneyo ili m'manja mwa ba aunt a ku Chelstone, ndipo salola kuti tsiku lidutse.